Buluku la a Jaji ndi Alamu Awiri

4 Febuluwale

Okondedwa bambo ndi mayi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuimirira tsiku lonse m'sitolo ya nsapato kwandimaliza mapazi. Munthu wogulitsa nsapato n'kumabwerera kunyumba atanyamula zake m'manja, si zochititsa manyazi zimenezo?

Bambo, khalani pansi musanapitirize kuwerenga. Sabata yatha ndikudikira basi ndinaona chipepala chomatidwa pamtengo wa magetsi, pali chithunzi cha a Chimimba atasenza basiketi ya zovala. Kani kuno kuli kalabu ya anthu okonda filimu yathu ija, Buluku la a Jaji! Amakumana Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya penti, mipando yake yapulasitiki, windo limodzi lokha ndi limene limatseguka. Ine ndinkayesa kuti filimu imeneyi ndi matenda a banja lathu lokha. Ndinalowa mwamanyazi, koma wina atangofuula kuti, "Sopo watha!" chipinda chonse chinayankha, "Chapani ndi ulemu!" Ndinangozindikira nanenso ndikufuula nawo, misozi ili lengelenge.

Mtsikana wina watsopano anandifunsa kuti nkhani yake ndi yotani. Ndinamuuza monga mumanenera inu: antchito asanu ndi awiri a shopu yochapa zovala ataya buluku la a jaji, ndipo ali ndi tsiku limodzi loti alipeze. Atafunsa kuti limapezeka kuti, ndinasintha nkhani. Ndikanamuuza bwanji kuti tepi yathu imaduka pamene Kalaliki akutsegula basiketi yomaliza, n'kuyamba mpira umene achimwene adajambulirapo kalekale?

Mu Epulo filimuyi ikukwanitsa zaka makumi asanu. Aikonzanso kuti izioneka bwino, ndipo kudzakhala mpikisano wa mafunso. Wopambana adzalandira disiki yake, yathunthu. Amene akonza mafunsowo ndi a Profesa. Mukanawaona a Profesa! Amadziwa chilichonse, ndipo a Profesa akayamba kulankhula ngakhale basi indisiye sindidandaula. Anena kuti ndili ndi mutu wabwino.

Ndiye bambo, nditumizireni zonse zimene mukudziwa, makamaka mathero ake, poti inu mudaionera kuholo ya kanema. Nanga maso a amalume ali bwanji? Mwayamba kulankhulana?

Ndine mwana wanu,
wa nsapato uja.


15 Febuluwale

Mwana wanga,

Kalata yako yafika Lachiwiri, teni koloko itapitirira ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Tonse tili bwino. Ndakondwa kuti kumeneko kuli anthu ophunzira. Zaka makumi anayi ndakhala ndikukonza mawotchi a anthu, choncho pa nkhani ya manambala usamvere wina aliyense. Tenga cholembera.

Choyamba. Simbi yositira imagwera phazi la a Chimimba kasanu ndi kanayi. Anthu ambiri amati kasanu ndi katatu chifukwa kamodzi imagwa iwo ali kuseri kwa chinsalu, timangomva kulira. Kulira nakonso n'kugwa.

Chachiwiri. Wotchi ya pakhoma la shopu imaloza mphindi makumi awiri isanakwane folo koloko, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi yakufa. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa vuto lake ndi laling'ono, ndikanakonza ulere.

Chachitatu. Mapasa aja uwasiyanitse ndi makutu. Wamkulu ali ndi khutu lakumanzere lopindika.

Chachinayi. Kalaliki amalemba dzina la a jaji molakwika maulendo atatu, ndipo ulendo uliwonse amalakwitsa mosiyana. Ameneyo ndiye katswiri wa filimu yonse, ngakhale anthu amangotama a Chimimba chifukwa cha mimba.

Tsopano mathero. Buluku lidapsa. Adaliwotcha ndi Mayi Wosita, nalibisa pansi pa basiketi yomaliza. Kalaliki akatsegula amalipeza lili ndi chiboo kumbuyo, a jaji n'kupita nalo kukhoti choncho. Basi. Ndidaona ndi maso angawa.

Ukamva wina akuti wanjinga wa shopu uja adakapereka bulukulo kwa mkwati molakwitsa, ndipo a jaji adakalipeza pa ukwati, udziwe kuti ndi nkhani za madalaivala a basi opuma ntchito. Dalaivala amene ndikunenayo ndi mlongo wa mayi ako, ndiye sinditchula zambiri. Munthu adandiuza pamaso pa alendo, pa phwando la mdzukulu wanga, kuti ine ndimawerenga mphindi koma filimu sindiiona. Papita zaka ziwiri. Ndikudikirabe kuti abwere adzapepese. Chipata chathu sichikhomedwa.

Uzivala nsapato zafulati.

Bambo ako.


15 Febuluwale

Iwe mwana,

Kapepala aka ndakalowetsa mu envelopu bambo ako atapita kukagula sitampa. Za simbi ndi makutu a mapasa wamva kwa eni ake. Ine funso langa ndi limodzi: a Profesa ndani? M'kalata imodzi wawatchula katatu, ndawerenga ndi chala. Mpaka basi kukusiya iwe osadandaula! Iwe amene udalira tsiku lonse basi ya sukulu itakusiya? Ali pantchito? Ndi aulemu? Usandibisire, ndine mayi ako.

Za amalume ako si zabwino. Ndinawaperekeza kuchipatala. Dokotala wati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mitsempha ya m'kati. Chaka chino chikamatha azingoona kuwala ndi mdima. Iwo akuseka, akuti misewu yonse adaiona kale. Nditawauza bambo ako anangoti, "Oo," kenaka anakhala ola lathunthu akupukuta wotchi imene anali ataipukuta kale.

Yankha msanga.

Mayi ako.


12 Malichi

Iwe mwana,

Moni ngati ukadali moyo. Masabata atatu ndi theka, kalata osabwera! Wapositi akangondiona pachipata amagwedeza mutu ali patali, ndipo wayamba kudzera mbali ina ya msewu.

Koma usadandaule, ine ndamvetsa. Mtsikana akafunsidwa za mwamuna n'kukhala chete, ndiye kuti wayankha. Sindinauze munthu aliyense, kupatula mayi wa saluni ndi azakhali ako. Ndagulanso makapu asanu ndi limodzi a maluwa, chifukwa munthu wophunzira sangamwere tiyi m'makapu athu obenthuka aja.

Bambo ako nawo amva. Sanakwiye. Akhala patebulo masiku anayi akulemba mafunso makumi atatu oti adzawafunse a Profesa akowo akadzabwera. Akuti akadzalephera oposa atatu abwerere pakhomo pomwepo. Funso loyamba ndi lakuti galu amene amadutsa kuseri kwa Kalaliki ali ndi mawanga angati. Uwachenjeze, ndi asanu.

Lemba, mwana iwe, mtima wanga uli m'mwamba.

Mayi ako.


21 Malichi

Okondedwa mayi,

Moni, ndili moyo! Kalata ndidalemba pa 26 Febuluwale, ndaipeza dzulo m'thumba la jekete langa la mvula, sitampa ili pomwepo. Ndikhululukireni.

Mayi, makapuwo mumweremo nokha. A Profesa ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi! Amayenda ndi ndodo, amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Sadaphunzitsepo pasukulu iliyonse. Adali telala, ndipo ndi iwo adasoka zovala zonse za m'filimu ija akadali achichepere. Nditawawerengera kalata yanu anaseka mpaka tinawapatsa madzi. Akuti mafunso a bambo awatumizire, ukwati wokha ndi umene akukana.

Muwauze bambo izi, agwa nazo pampando. Mabuluku a jaji adasokedwa asanu ndi awiri, chifukwa wosewera ujaji ankanenepa pamene ankajambula. Simbi imayenera kukhala yamtengo yopakidwa penti, koma tsiku loyamba wina adaisinthanitsa ndi yeniyeni, ndiye kulira koyamba kwa a Chimimba n'kwenikweni, chala chidathyoka. Ndipo mapasa aja sadali mapasa, sadali n'chibale chomwe. Adangokumana pamzere wofunsira ntchito, aliyense n'kudabwa kuona nkhope yake pa munthu wina. Khutu lopindika lija ankachita kulimata ndi a Profesa m'mawa uliwonse.

Koma mathero akana kundiuza. Lamulo la kalabu ndi lakuti munthu amene sanaone mathero sauzidwa, adzaone yekha pa tsiku la chikondwerero, mpikisano ukatha. Ndinawanyengerera. Ndinati, "Bambo anga akuti lidapsa, amalume akuti lidapita ku ukwati. Mungondiuza amene akunena zoona." Anavula magalasi a pamphuno, n'kuvala a pamutu, n'kundiyang'anitsitsa. Kenaka anati, "Mwanawe, anthu awiriwa adalowadi m'holomo?"

Mayi, tsiku limenelo inu mudali nawo. Zaka zonsezi akamakangana inu mumangonyamuka kukatsuka mbale. Chidachitika n'chiyani? Mundiyankhe nokha, bambo asaone.

Mwana wanu wosakwatiwabe.


2 Epulo

Iwe mwana,

Moni. Mayi wa saluni ndamuuza kuti ukwati waimitsidwa kaye, zifukwa za kuntchito. Usandichititse manyazi kawiri.

Kalata ino ndikulembera kwa azakhali ako, ukawerenga uing'ambe. Wafunsa, ndikuuza, chifukwa ndatopa kusenza ndekha.

Nthawi imeneyo bambo ako anali akundizungulira miyezi isanu ndi umodzi osanena kanthu. Ankangobwera kudzafunsa ngati wotchi ya kwathu ikuyenda bwino. Tsiku lina Loweruka adandiitanira kuholo, filimu ya masana. Agogo ako adalola pokhapokha achimwene anga, amalume akowo, apite nawo. Adakhala pakati pathu, mapewa ngati kabati, atangotsika kumene basi imene adayendetsa kuchokera kutali.

Filimu ili pafupi kutha, Kalaliki akupita ku basiketi ija, ndidamva chala chikundikodola paphewa, chodzera kumbuyo kwa achimwene. Bambo ako adanong'ona kuti, "Tatulukani pang'ono, ndili ndi mawu." Tidatuluka chowerama. Panja, pafupi ndi windo la matikiti, munthu adayamba kundifotokozera za mawotchi, kuti muvi waufupi ndi wautali umasiyana mayendedwe koma umakumana ndithu. Thukuta lili kamukamu. Ine ndidati, "Bambo inu, filimu ikutha. Mukufuna kundikwatira kapena ayi?" Adati, "Eya, zimenezo." Ndidati chabwino, n'kuthamangira m'kati.

Ndidapeza achimwene mutu uli chagada, kukamwa kuli pululu, mkonono ukupikisana ndi malipenga a m'filimu. Ndisanakhale n'komwe magetsi adayaka. Ndidawagwedeza, iwo podzidzimuka adaona bambo ako ataima pakhomo akuwomba m'manja kuposa anthu onse.

Pobwerera aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Potsiriza bambo ako adati, "Koma Mayi Wosita uja, eti?" Achimwene adati, "Ayi, wanjinga." Mpaka lero.

Waona tsono? Bambo ako amadziwa kuti sadaone, ndipo amaopa kuti alamu awo adaona. Amalume ako amadziwa kuti adagona, ndipo amaopa kuti bambo ako adaona. Wamantha ndiye amakuwa kwambiri. Holo ija idatsekedwa chaka chotsatira. Tepi itabwera m'nyumba muno, mchimwene wako adajambulirapo mpira kumapeto kwake tisanaionere n'komwe, ndipo bambo ako sadamukalipire. Nkhope yawo idali ya munthu amene mlandu wake wathetsedwa mboni zisanafike.

Ine ndinkaseka nazo. Koma tsopano achimwene akuthira tiyi pambali pa kapu, ndipo anthu awiriwa akutha masiku chifukwa cha buluku la munthu amene kulibe. Ukapambane mpikisanowo, mwana wanga.

Mayi ako.


27 Epulo

Okondedwa bambo ndi mayi,

Moni nonse. Ndayamba ndi nkhani yoipa: sindinapambane. Ndakhala wachiwiri. Tinatsala awiri, ine ndi bambo wina wometa anthu tsitsi, ndipo funso lomaliza linali lakuti simbi imagwa kangati. Ndinaimirira monyada n'kunena kuti kasanu ndi kanayi, kuphatikizapo ya kuseri kwa chinsalu. Wometa uja anati kakhumi. Bambo, imagwanso kamodzi m'mphindi zisanu ndi zinayi zomaliza zija. Mwina mudaphethira.

Kenaka anazimitsa magetsi, tinaonera yonse, yowala ngati yajambulidwa dzulo. Mathero ndawaona. Ndinaseka mpaka mtsikana wa pambali panga anandigwira kuti ndisagwe. Sindinena kanthu, lamulo ndi lamulo.

Anthu akutuluka, a Profesa anandiitana ndi ndodo yawo. Ndinali nditawauza kale za maso a amalume. Anatulutsa m'chikwama disiki imene iwo anapatsidwa ngati mphatso yaulemu, n'kunena kuti, "Ine ndidaliko, ndidaona zonse ndili ndi singano pakamwa. Kawapatse akuluakulu akowo nthawi isanathe."

Ndiye ndi imeneyi, ndaikulunga m'bokosi la nsapato za mwana. Achimwene abweretse makina awo oonetsera. Koma a Profesa aika lamulo, ndipo ine ndasainira: disiki imeneyi isalowe m'makina pokhapokha bambo ndi amalume akhale m'chipinda chimodzi. Mayi, inu ndinu wapolisi.

Mwana wanu wachiwiri pa mpikisano.


13 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Tonse tili bwino, ndipo ndili ndi nkhani, usawerenge uli chiimire.

Bokosi lako linakhala pamwamba pa kabati masiku asanu ndi anayi. Bambo ako ankalizungulira ngati mphaka. Anati lamulo la munthu wachilendo siligwira ntchito m'nyumba mwawo. Ndinati chabwino, koma kiyi wa kabati ya makina ali m'thumba mwanga. Lamlungu m'mawa anangoti, akuyang'ana kudenga, "Ngati pali wina amene akufuna kudzaona kulakwa kwake, abwere thuu koloko."

Ndinakawatenga ndekha achimwene, atandigwira pachigongono. Pofika tinapeza wailesi yakanema yapukutidwa mpaka kunyezimira, ndipo mpando wa bambo ako, wofewa uja saloleza munthu, wasunthidwa kufika pafupi penipeni ndi galasi la wailesiyo. Anati pamenepo ndi pamene simenti ili yosalala, palibe chifukwa china.

"Mwafika," anatero bambo ako.

"Ndafika," anatero amalume ako.

Moni wa zaka ziwiri unathera pomwepo.

Filimu inayamba, onse ali duu ngati ali pamaliro. Koma Kalaliki atangoti, "Sopo watha!" pakamwa pawo panawapereka. Onse awiri pamodzi: "Chapani ndi ulemu!" Kenaka aliyense anayang'ana kumbali ngati wanena ndi wina.

Patapita kanthawi amalume ako anati chapansipansi, "Mlongo, amene walowayo ndani? Ndikungoona chimthunzi." Ndisanayankhe, bambo ako anakoka kampando n'kukhala pambali pawo. "Ndi wamkulu wa mapasa, alamu. Wanyamula ndowa. Tsopano akuponda sopo. Tsopano ali m'mwamba." Amalume ako anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo bambo ako sanatsekenso pakamwa, akufotokoza chilichonse, ngakhale mawanga a galu.

Tsono inafika basiketi yomaliza, pamene mpira umayambira. M'chipinda munangoti zii. Bambo ako anasendera kutsogolo. Kalaliki anatsegula. Mulibe kanthu! Ndiye mwini shopu, bwana wolongolola uja amene filimu yonse amangoima kuseri kwa kauntala akukalipira anzake, anatuluka kuti adzaone yekha. Mwana iwe, wavala buluku la a jaji! Lomufika m'maondo! Simbi n'kugwera a Chimimba kakhumi, malipenga n'kuyamba, onse n'kumuthamangitsa mumsewu. Ndinaluma nsalu kuti ndisakuwe.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa amalume ako. "Alamu, mwangoti chete bwanji?"

Bambo ako anayang'ana galasi, n'kuyang'ana alamu awo. Pamene a jaji amatsegula pakamwa kuti alankhule, bambo ako anatsokomola chikhosomo chachikulu ngati galimoto yakale. Kenaka anati, "Ndi ukwati, alamu. Simukumva malipengawo? Mkwati wavala buluku lija. Wanjinga akubisala kuseri kwa keke. A jaji akuthamangitsa mkwati."

"Ndiye kuti ndinkanena zoona?"

"Mwapambana, alamu. Ine ndidaona molakwika."

Amalume ako anafufuza dzanja la bambo ako n'kuligwira. Anati, "Nanenso pa phwando paja ndidalankhula mopitirira." Tinamwa tiyi m'makapu a maluwa aja.

Ndili kukhitchini bambo ako anabwera kudzaika makapu. Ndinati, "Bambo inu, bodza lotere pa Lamlungu?" Anati, "Ine ndili ndi maso, ndiionanso mawa. Iwo asiyireni ukwati wawowo." Ndiye nawenso utseke pakamwa.

Mayi ako.


30 Meyi

Mwana wa mlongo wanga,

Moni. Zilembo zakula chonchi chifukwa ndikulemba ndekha ndi cholembera cha pamakatoni. Mizere ikakhota, ulondole monga msewu wa m'phiri. Mayi ako asaone.

Zikomo chifukwa cha filimu. Uwathokozenso a telala akowo.

Tsono tamvera. Maso afa, koma makutu ali moyo. Zaka makumi atatu ndinkamva tayala likuphwa ndili kutsogolo, anthu makumi asanu ndi limodzi akulongolola kumbuyo. Bambo ako adatsokomola mochedwa. Wokonza mawotchi, kuchedwa! A jaji ndidawamva bwinobwino: "Bwana, miyendoyo ndi yanu, koma chimene chaikutacho ndi changa." Palibe ukwati pamenepo. Ndipo ndikuuze, poti wakula: tsiku lija kuholo ine ndidagona. Za wanjinga ndidangopeka panjira.

Tsopano ndimapita Lamlungu lililonse, amadzanditenga okha. Timaonera yonse, iwo akufotokoza. Koma ukwati uja ukukula. Sabata yoyamba kunali mkwati ndi keke basi. Yachiwiri kunabwera apongozi aukali ndi ambulera. Lamlungu lapitali keke inagwera a jaji, ndipo mkwatibwi anathawa ndi wanjinga. Munthuyu amakonzekera, ndimamva pepala likukhwekhwereza m'thumba mwake. Ndikunena zoona, filimu ya bambo ako yaiposa yeniyeniyo.

Usawauze kanthu. Ndikufuna ndimve kuti mkwati wosiyidwayo zimuthera bwanji.

Malume ako.